Setilaiti yosunga nthawi ya dzuwa: yankho kwa mphunzitsi wa ku Dedza

Mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina m'boma la Dedza walemba motere: "Ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 pa intaneti pofuna kuonetsa ana anga a Fomu 3 mmene nkhalango ya Chongoni yasinthira. Chondidabwitsa n'chakuti zithunzi zonse, kaya za mu Januwale kaya za mu Julayi, za chaka chino ngakhale za zaka 5 zapitazo, zalembedwa kuti zinajambulidwa cha m'ma 8 koloko m'mawa. Ndinawerenga kuti setilaitiyi imayenda pa njira yotchedwa sun-synchronous. Mtsikana wina m'kalasi anafunsa kuti, 'Ndiye kuti imathamangitsana ndi dzuwa? Nanga mafuta ake satha?' Ndinangomuuza kuti tikambirana mawa, ndipo mpaka lero sindinamuyankhe. Ndithandizeni, komanso mundiuze ngati zithunzizi ndingazikhulupirire pa nkhani ya nkhalangoyi."

Zikomo aphunzitsi, ndipo mtima ukhale m'malo. Munachita bwino kumuuza mwanayo kuti adikire m'malo momupatsa yankho longopeka. Funso lakelo ndi lolemera. Ndi lomwelo limene akatswiri ankalimbana nalo m'zaka za m'ma 1960, pamene ankafuna makina ojambula dziko kuchokera kumwamba, kuwala kwake kuli kofanana nthawi zonse. Ine ndatha zaka zambiri ndikugwira ntchito ndi zithunzi zamtunduwu, kupanga mapu a minda, nkhalango ndi madzi osefukira, ndipo mpaka pano nkhani ya njira imeneyi imandikomabe ngati tsiku limene ndinaimvetsa koyamba. Mukaigwira bwino, mudzatha kuifotokoza ndi dzungu, mkombero wa lichero ndi mtengo wa pabwalo la sukulu.

Tiyambe ndi 8 koloko ija. Nthawi imene imalembedwa pa zithunzizi ndi ya UTC, yomwe imawerengedwa kuchokera ku Greenwich ku England. Ife kuno tili patsogolo ndi maola 2. Choncho chithunzi cholembedwa 8 koloko chinajambulidwa wotchi yanu ikunena 10 koloko, mwina ana ali pa buleki. Amene anakonza Sentinel-2 anasankha kuti izidutsa ikweta nthawi ya 10:30 m'mawa mwa kawerengedwe ka dzuwa, ikuchokera kumpoto kulowera kumwera. Ikamafika kuno kwathu, madigiri 14 kumwera kwa ikweta, wotchi yathu imakhala itangopitirira pang'ono 10 koloko.

Tsono kwa mtsikana uja, yankho lalifupi ndi lakuti ayi, setilaitiyi sithamangitsana ndi dzuwa, ndipo sikhala padzuwa nthawi zonse. Imazungulira dziko lapansi ngati masetilaiti ena onse. Ili pamtunda wa makilomita 786 kuchokera pansi, ndipo imathamanga pafupifupi makilomita 7.5 pa sekondi iliyonse. Liwiro limenelo ndi limene limaisunga m'mwamba: mphamvu yokoka ya dziko imaigwetsa, koma iyo ikuthamangira kutsogolo mwakuti pogwapo imangotsata kupindika kwa dziko osalikhudza. Palibe injini imene ikulira. Kuchokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje imatenga mphindi 2 zokha, ndipo kuzungulira dziko lonse imatenga mphindi pafupifupi 100. Pa mphindi zimenezi, zina imakhala mbali ya masana, zina mbali ya usiku. Patsiku imazungulira maulendo 14 ndi kachidutswa.

Njira yake imadutsa pafupi ndi nsonga ya kumpoto ndi nsonga ya kumwera ya dziko. Taganizirani mkombero woimirira, dziko lili m'kati mwake. Setilaiti ikuyenda m'mkomberomo, pamene dziko likutembenuka m'kati kulowera kum'mawa. Pa mphindi 100 zija dziko limatembenuka madigiri 25, omwe pa ikweta ndi makilomita pafupifupi 2,800. Ndiye ikadutsa pamwamba pa Dedza ulendo uno, ulendo wotsatira ipeza kuti Dedza wapita kale kum'mawa, ndipo pansi pake pali nyanja ya Atlantic kupitirira gombe la Angola. Kumeneko nako dzuwa lili pamene linali kwa inu, cha m'ma 10. Ulendo wapitawo inali pamwamba pa nyanja ya Indian, kum'mawa kwa Madagascar, nakonso ili 10 koloko yawo. Mkomberowo uli ngati chipata choikidwa pamalo pamene nthawi ndi 10 koloko m'mawa, ndipo mayiko amabwera okha, limodzi ndi limodzi, kudzadutsa pachipatapo. Mbali ina ya mkombero womwewo ili pamalo pamene nthawi ndi 10 koloko usiku.

Mpaka apa palibe chovuta. Vuto limabwera chifukwa dziko silingotembenuka lili pamalo amodzi. Likuzunguliranso dzuwa, ulendo umodzi pa masiku 365 ndi kachidutswa. Mkombero wa setilaiti ukausiya wokha umafuna kuyang'ana mbali imodzimodzi ya thambo, kuloza nyenyezi zomwezo chaka chonse. Ukatero, dzuwa limausiya pang'onopang'ono. Setilaiti imene lero yadutsa 10 koloko, mawa idutsa mphindi 4 isanakwane 10, ndipo pakutha pa mwezi izidutsa 8 koloko. Pakatha miyezi 3 izidutsa 4 koloko m'bandakucha, kuli mdima, kamera yopanda ntchito. Ndi chifukwa chomwechi nyenyezi zimene mumaona chakum'mawa madzulo a mu Juni si zimene mumaona mu Disembala.

Izi ana azimva bwino mukatuluka nawo panja. Mtengo wa pakati pa bwalo ukhale dzuwa. Mwana mmodzi anyamule dzungu kapena mpira, ndipo wina agwire mkombero wa lichero lakale moimirira, dzungulo lili m'kati. Ayambe m'mphepete mwa mkombero mukuloza mtengo, ndipo kuseri kwa mtengowo kukhale chinthu chakutali, monga phiri. Ulendo woyamba azungulire mtengo, koma mkombero uzilozabe phirilo osautembenuza. Akangoyenda gawo limodzi mwa magawo 4, ana onse aona kuti mkombero sukulozanso mtengo, wauyang'ana chamaso. Setilaiti ya masana yasanduka ya m'mawa ndi madzulo. Ulendo wachiwiri, wogwira mkombero uja aziutembenuza pang'onopang'ono kuti m'mphepete mwake muzilozabe mtengo. Akamamaliza ulendowo adzakhala atautembenuza kamodzi kathunthu. Njira ya sun-synchronous ndi imeneyo: mkombero wotembenuka madigiri 360 pachaka, kutanthauza madigiri 0.9856 patsiku, kuchepera pang'ono digiri imodzi, kulowera kum'mawa.

Nanga kumwambako wotembenuza mkombero ndi ndani? Apa m'pamene pali funso la mafuta lija. Kutembenuza njira ya chinthu chothamanga makilomita 7.5 pa sekondi ndi ntchito yodya mafuta koopsa. Kuti setilaiti izichita zimenezi ndi injini tsiku ndi tsiku, thanki yake ikanauma pa masiku ochepa. Chimene chimagwira ntchitoyi kwaulere ndi maonekedwe a dziko lenilenilo.

Dziko si lobulungira ndendende ngati mpira wa m'buku. Chifukwa chotembenuka, linafufuma m'chiuno ndi kuphwatalala pang'ono pamwamba ndi pansi, monga dzungu. Mukaliboola pa ikweta kuchokera mbali ina kukafika inayo mupeza makilomita 12,756, koma kuchokera nsonga ya kumpoto kukafika ya kumwera ndi makilomita pafupifupi 12,713. Kusiyana kwake ndi makilomita 43 okha, kanthu kochepa poyerekeza ndi kukula kwa dziko, koma m'chiunomo muli lamba wa miyala ndi madzi wolemera zedi. Setilaiti ikakhala kumpoto, lambayo amaikokera pang'ono kumwera. Ikakhala kumwera amaikokera kumpoto. Akufuna kuugoneka mkombero uja kuti ufanane ndi ikweta.

Koma chinthu chozungulira mwaliwiro sichimvera mwanjira imeneyo. Ana anu amadziwa nguli. Nguli ikamavina itapendekeka, mphamvu yokoka imafuna kuigwetsa, koma siigwa. M'malo mwake mutu wake umayamba kuyenda mozungulira pang'onopang'ono. Mukhozanso kuchotsa tayala lakutsogolo la njinga, mwana aligwire mbali zonse ziwiri za chitsulo chapakati, mulizunguze mwamphamvu, kenako ayese kulipendeketsa. Adzamva likumupotokolera kumbali imene sanafune. Mkombero wa setilaiti umachita chimodzimodzi. Lamba wa dziko akaukoka kuti ugone, iwo sugona, umangotembenukira kumbali.

Kutembenuka kumeneku kumachitikira setilaiti iliyonse yoyenda chopendekeka, ndipo liwiro lake ndi mbali yake zimadalira zinthu ziwiri: kutalika kwake kuchokera pansi, ndi mmene mkombero wapendekekera. International Space Station, siteshoni ya m'mlengalenga yomwe mumakhala akatswiri ofufuza, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo inapendekeka madigiri 51.6, mkombero wake umatembenuka madigiri pafupifupi 5 patsiku kulowera kumadzulo. N'chifukwa chake masiku ena imaoneka madzulo, masabata otsatira m'mamawa, kenako osaonekanso. Mkombero woimirira ndendende pa madigiri 90 sutembenuka konse. Koma mukaupitiriza pang'ono pa 90, kuti setilaiti iziyenda mopendekera kumadzulo, motsutsana pang'ono ndi mmene dziko likutembenukira, mkombero umayamba kutembenukira kum'mawa. Ndi mbali imene tikufuna ija. Chatsala n'kusankha kapendekedwe koti liwiro lake likhale madigiri 0.9856 patsiku. Pamtunda wa makilomita 500 pamafunika madigiri 97.4. Landsat 8 ndi Landsat 9, masetilaiti a ku America ojambula dziko, zimene zili pa makilomita 705, zinapendekeka madigiri 98.2. Sentinel-2 yanu ija pa makilomita 786 ili pa 98.6. Setilaiti ikatalikira, mphamvu ya lamba uja imachepa, ndiye imafunika kupendekeka mowonjezera. Mukaona setilaiti iliyonse yalembedwa kuti inapendekeka madigiri 97, 98 kapena 99, dziwani kuti mosakayika ndi ya gulu limeneli.

Mafuta alipo ndithu, koma ndi okonzera zolakwika zazing'ono. Kampweya kochepa kamene kali kumwambako kamaibweza pang'onopang'ono n'kuitsitsa, ndipo dzuwa ndi mwezi nazo zimakoka mkombero n'kusintha kapendekedwe kake. Oyang'anira ali pansi amayatsa timainjini kwa kanthawi n'kuibwezera m'malo mwake. Akasiya kutero, setilaiti siigwa pompo, koma nthawi yake imayamba kusuntha. Setilaiti ya Terra ya bungwe la NASA, imene inaulutsidwa mu Disembala 1999, inasunga nthawi ya 10:30 m'mawa kwa zaka 20. Mu 2020 anasiya kukonza kapendekedwe kake pofuna kusunga mafuta otsala, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikulawirira chaka ndi chaka. Muuzeni mtsikana uja kuti anaganiza bwino: mafuta amatha, ndipo akatha choyamba kutayika ndi nthawi.

Palinso kanthu kena kamene ana angakonde. Nthawi imene setilaiti izidzadutsa moyo wake wonse imakhazikika pa ola limene roketi yanyamuka. Ndiye roketi zopita ku njira imeneyi zikaphonya mphindi zake zochepa, zimadikira mpaka mawa. Zimafunanso malo oti ziuluke cholowera kumwera kapena kumpoto pamwamba pa nyanja, popanda midzi pansi. Landsat 9 inanyamukira ku Vandenberg ku California mu Sepitembala 2021, ndipo Sentinel-2A inanyamukira ku Kourou ku French Guiana mu Juni 2015.

Tsopano phindu lake. Setilaiti yojambula siona mtengo monga mmene inu mumauonera. Imayeza kuchuluka kwa kuwala kobwerera kuchokera pansi, kofiira, kobiriwira, ndi kwina kumene maso athu saona. Tsamba lathanzi limamwa kuwala kofiira n'kubweza kwambiri kuwala kwa infrared, kuja maso athu saona, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene amawerengera poona ngati chimanga chili bwino kapena chikufota. Mabungwe ochenjeza za njala monga FEWS NET amadalira miyezo yotereyi. Koma kuwala kobwerera kumasintha ndi pamene dzuwa lili. Jambulani munda womwewo 7 koloko m'mawa ndi masana dzuwa lili paliwombo, muona ngati ndi minda iwiri. Chithunzi chimodzi chikakhala cha m'mawa china cha masana, simungadziwe ngati chasintha ndi munda kapena dzuwa. Setilaiti ikamabwera ola lomwelo, kusintha kumene mukuona mu Epulo wa chaka chino poyerekeza ndi Epulo wa chaka chatha kumakhala kwa pansi penipeni. N'chifukwa chake zithunzi za Landsat, zimene zinayamba mu Julayi 1972, ndi chuma chachikulu. Munthu akhoza kutsata mmene nyanja ya Chilwa inaphwera mu 1995, n'kudzazanso, n'kuphweranso kwambiri mu 2018, zonse pa muyezo umodzi. Kuyambira mu 2008 zithunzi za Landsat ndi zaulere.

Ola la 10 silinasankhidwe mwangozi, ndipo ife okhala kotentha timadziwa chifukwa chake osauzidwa. M'dzinja kumacha bwino, nkhungu ya m'madambo n'kubalalika, koma ikamakwana 12 mitambo yaunjikana kale pamapiri ndipo masana mvula yayamba. Pakati pa nkhungu ya m'mawa ndi mitambo ya masana pali mpata, ndipo 10 koloko ili mumpatamo. Dzuwa limakhala litakwera mokwanira kuwalitsa pansi, komabe mithunzi ilipo yoonetsa mapiri ndi zigwa.

Ena amasankha dala masana. Masetilaiti otchedwa Aqua, Suomi NPP ndi NOAA-20 anawakonzera 1:30 masana, nthawi imene kwatentha kwambiri, mitambo yakula, ndipo moto wa tchire wafika pachimake. Mukatsegula FIRMS, mapu a pa intaneti oonetsa pamene pali moto, mu Sepitembala kapena Okutobala, muona timadontho tofiira titadzaza Malawi, Zambia ndi Mozambique. Tambiri timachokera ku masetilaiti amenewa. Usiku amadutsanso 1:30, ndipo Suomi NPP ndi NOAA-20 zimajambula magetsi a m'mizinda. Masetilaiti a zanyengo a MetOp a ku Ulaya amadutsa 9:30 m'mawa, ndipo miyezo yawo ya kutentha ndi chinyezi cha mumlengalenga imalowa m'makompyuta olosera nyengo padziko lonse.

Gulu limene ine ndimalikonda kwambiri ndi loyenda m'malire a usana ndi usiku, lodutsa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Ndi mkombero uja woyang'ana mtengo chamaso. Setilaiti yoyenda mmenemu imaona dzuwa pafupifupi chaka chonse, ndiye masola ake amapanga magetsi osalekeza. Sentinel-1, imene ili pa makilomita 693, imayenda njira imeneyi chifukwa ndi ya radar: imatumiza yokha mafunde pansi n'kumvetsera obwerera, ntchito yofuna magetsi ambiri. Radar siifuna kuwala ndipo imaboola mitambo. Madzi odekha amaoneka akuda bii pa chithunzi chake. Mu Malichi 2019, namondwe Idai atagunda Beira, mitambo inaphimba dera lonselo, ndipo mapu oonetsa kukula kwa madzi m'chigwa cha Buzi anadalira kwambiri Sentinel-1. Kwa ife amene tili ndi Nsanje ndi Chikwawa, chida chimenechi n'chofunika kuchidziwa. Makina ena oyang'ana dzuwa lenilenilo, monga Hinode ya ku Japan, amayendanso njira yomweyi kuti dziko lisamawatchinge.

Mwina mwana wina adzafunsa kuti bwanji osangoimika setilaiti pamwamba pa Malawi, monga ija imene mbale ya DStv imaloza chaka chonse osasuntha. Masetilaiti otero alipo, ndipo Meteosat, imene zithunzi zake za mitambo timaziona pa nkhani za nyengo, ndi imodzi mwa iwo. Koma kuti setilaiti iyende limodzi ndi kutembenuka kwa dziko iyenera kukhala pamwamba pa ikweta, pamtunda wa makilomita 35,786. Kumeneko n'kutali kuposa Sentinel-2 maulendo 45. Imaona namondwe yense akubwera, mphindi zingapo zilizonse, koma singaone munda. Yakutali imaona kawirikawiri koma mwachimbulimbuli. Yapafupi imaona bwino koma mwa apo ndi apo. Sentinel-2 imajambula mzere wa makilomita 290 m'lifupi ndipo imabwerera pamzere womwewo pakatha masiku 10. Popeza zimayenda ziwiri motalikirana mumkombero umodzi, malo amodzi amajambulidwa masiku 5 aliwonse. Landsat imajambula makilomita 185 ndipo imabwerera pa masiku 16, ziwiri pamodzi masiku 8. Mizere yonseyi imakakumana kunsonga za dziko, n'chifukwa chake ku Svalbard, zilumba za Norway zimene zili madigiri 78 kumpoto, kuli siteshoni yaikulu yolandirira zithunzi: kumeneko setilaiti imaoneka ulendo uliwonse.

Ndibwere ku funso lanu lachiwiri, ngati mungazikhulupirire pa nkhani ya Chongoni. Inde, mungathe, koma pali dzenje limodzi limene ndaona anthu ophunzira bwino akugweramo. Njira imeneyi imasunga ola, siisunga nyengo. Dzuwa la 10 koloko mu Novembala kapena Febuluwale, pamene masana limadutsa paliwombo penipeni, si lofanana ndi la 10 koloko mu Juni, pamene lapendekera kumpoto ndipo lili mmunsi. Pa chithunzi cha mu Juni, mbali ya kumwera chakumadzulo ya phiri la Dedza imada ndi mthunzi, ndipo munthu wosazolowera akhoza kuyesa kuti ndi nkhalango yothithikana kapena lupsa. Kuwonjezera apo, mitengo yathu yachilengedwe monga mombo ndi tsamba imayoyola masamba m'chilimwe, kenako n'kuphuka masamba ofiirira mvula isanabwere. Tsiku lina ndinaitanidwa kukaona lipoti limene linkanena kuti nkhalango ina yatha ndi theka pa miyezi 5 yokha. Amene analemba anali atayerekeza chithunzi cha mu Epulo ndi cha kumayambiriro kwa Sepitembala. Tinapita komweko pagalimoto, n'kuyenda wapansi m'nkhalangomo. Mitengo inali chiimire, yopanda masamba, pansi pali phulusa la moto wa tchire ndi timaudzu tatsopano tikungotumphuka. Zitsa zinalipo, ndipo tinapeza mauvuni angapo a makala, koma osati theka la nkhalango. Chinandipweteka n'chakuti lipotilo likanapita momwemo, anthu a m'midzi yozungulira akananamiziridwa mlandu waukulu kuposa umene unalipo, ndipo kudula kwenikweni kumene kunkachitika kukanabisika m'chiwerengero chabodza.

Choncho yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo. Ine ndimakonda kumapeto kwa Epulo ndi Meyi: mvula yatha, mitambo yachepa, mitengo ikadali ndi masamba, pamene chimanga m'minda chauma. Nthawi imeneyo malire a nkhalango ndi minda amaoneka bwino kwambiri. Musadalire zaka ziwiri zokha, chifukwa chaka cha chilala chimaoneka chouma ngakhale nkhwangwa isanalowe. Tengani Meyi wa zaka 5 kapena kuposerapo muziike pamzere. Za m'dzinja musataye nazo bandulo yambiri. Mu Januwale ndi Febuluwale mukhoza kudikira masabata angapo osapeza chithunzi chopanda mitambo, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimaphimba Mulanje, Thyolo ndi madera ena okwera ngakhale 10 koloko. Komanso musakopere chithunzi chonse, chifukwa chimodzi cha Sentinel-2 chimatha kuyandikira gigabayiti. Pa Copernicus Browser, tsamba la pa intaneti la zithunzi za Sentinel, mukhoza kungoyang'ana kadera kanu n'kusunga kachithunzi kakang'ono kokwanira kuonetsa m'kalasi.

Kumbukiraninso kukula kwa diso lake. Kadontho kamodzi ka Sentinel-2 ndi mamita 10 mbali zonse, ndipo ka Landsat ndi mamita 30. Munda wa ekala imodzi ndi timadontho pafupifupi 40 pa Sentinel-2, pa Landsat 4 kapena 5 basi. Munthu saoneka, mbuzi sioneka, ndipo ngati ana akuopa kuti akujambulidwa ali kubafa, achotseni mantha. Koma izi zikutanthauzanso kuti wodula mtengo umodzi apa wina apo, kusiya ina itaima, saonekanso msanga. Nkhalango ikhoza kupyapyala zaka zingapo chithunzi chikuonetsabe chobiriwira. Munda wosakaniza chimanga, nandolo ndi maungu nawo umasokoneza kwambiri makompyuta. Ndipo chochitika masana, monga mtsinje wodzaza 3 koloko n'kuphwa usiku, setilaiti ya 10 koloko sichiona konse.

Vuto lina lili kumwamba komweko. Popeza aliyense amafuna njira yomweyi, pakati pa makilomita 500 ndi 900 padzaza, ndipo mikombero yonse imapingasana kunsonga za dziko. Mu Januwale 2007 dziko la China linaphwanya ndi mzinga setilaiti yake yakale ya zanyengo, Fengyun-1C, pamtunda wa makilomita pafupifupi 865, ndipo panatuluka zidutswa zoposa 3,000 zotheka kuzitsata, zambiri zikuzungulirabe mpaka lero. Pamtunda wotere mpweya ndi wochepa kwambiri moti chidutswa chimatha zaka makumi ambiri chisanagwe. Oyang'anira masetilaiti amawononga ena mwa mafuta aja pozemba zinyalala zimenezi.

Pa phunziro la m'kalasi, zimene muli nazo n'zokwanira. Koma pali pamene ndingakupempheni kuti musayende nokha. Mukaona kuti mbali ina ya Chongoni ikuchepadi chaka ndi chaka, musathamangire kutchula mudzi kapena munthu. Pitani nazo ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu, ndipo wina akafike pamalopo ndi maso. Mkangano wa malire a munda kapena a sukulu musauweruze ndi zithunzizi. Kadontho ka mamita 10 kakhoza kumeza mizere yambiri ya munthu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mafumu, a zamalo ndi oyeza malo ovomerezeka. Pa nkhani ya madzi osefukira ndi anamondwe, mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA pa wailesi, chifukwa chithunzi chimene mungapeze pa intaneti chimakhala cha dzulo kapena dzana. Ndipo mukafuna kuwerengera mahekitala enieni, kapena ngati mtsikana uja akufuna kupitiriza ndi zinthu zimenezi, kuli aphunzitsi a mapu ndi zithunzi za setilaiti ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University, ku LUANAR ndi ku University of Malawi ku Zomba. Kulinso bungwe la RCMRD ku Nairobi, limene Malawi ndi membala wake, lomwe limaphunzitsa ntchito imeneyi.

Chinthu chimodzi muyese ndi kalasi yonse. Yang'anani deti la chithunzi chomaliza cha Dedza, muwonjezere masiku 5, ndipo tsiku limenelo mutuluke panja 10 koloko. Setilaitiyo simudzaiona chifukwa kuli masana, koma imikani ndodo ya mita imodzi, muyeze mthunzi wake, mulembe mbali imene waloza, ndipo ana ajambule m'makope mwawo mmene mitambo yakhalira. Madzulo kapena mawa lake chithunzi chikatuluka, aone ngati mitambo ili pamene anaiona. Mukabwereza zimenezi mu Juni ndi mu Novembala, kusiyana kwa mithunzi iwiriyo kudzawaphunzitsa za ola ndi nyengo kuposa zonse ndalemba pano. Mukatero mundilemberenso, munditumizire miyezo ya ndodoyo pamodzi ndi madeti a zithunzi za Chongoni zimene mwasankha, tidzaziyang'ane limodzi.